Mbiri ya VapC ndi Pfuko Lake: Poizoni Amene Bakiteriya Amadzisungira

Kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu kali ndi majini pafupifupi 4,000, ndipo mwa amenewa muli ena pafupifupi 50 amene ntchito yawo ndi kupanga poizoni wa mtundu umodzi wotchedwa VapC. Poizoni ameneyu salimbana ndi munthu wodwalayo. Amapweteka kachilombo komweko kamene kamupanga. Kuti kasadziphe, kachilomboka kamapanganso puloteni ina yaing'ono, VapB, yomwe imamukulunga VapC n'kumutseka pakamwa, ndipo awiriwa amakhala chigwirirane mpaka tsiku limene VapB adzathe. Asayansi amalitcha dongosololi toxin-antitoxin, poizoni ndi chomusukulutsa. Kuti anthu adziwe zimenezi, n'kudziwanso abale ake a VapC pakati pa mapuloteni a m'chilengedwe, panadutsa zaka zoposa 60, ndipo nkhaniyi inayenda njira ziwiri zimene zinadzakumana mochedwa.

Njira yoyamba inayambira pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, penisilini atangofika kumene m'zipatala. Mu 1944 dokotala wa ku Ireland, Joseph Bigger, anaona kuti ngakhale athire penisilini wochuluka bwanji m'botolo la mabakiteriya a Staphylococcus, sankatha onse. Pankatsala ochepa zedi, mwina mmodzi pa miliyoni. Akawachotsa m'mankhwalamo n'kuwapatsa chakudya ankaswananso, koma ana awo ankafa ndi penisilini yemweyo monga anafera anzawo aja. Sanali osamva mankhwala ayi. Bigger anaganiza kuti mankhwalawo anawapeza ali m'tulo, popeza penisilini amapha bakiteriya amene akukula ndi kugawikana. Anawatcha ma persister, ndipo nkhaniyo inagona zaka pafupifupi 40 popanda woifukula.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1946, Joshua Lederberg ndi Edward Tatum ku Yale anasonyeza kuti mabakiteriya amapatsirana majini akagundana. Kenako zinadziwika kuti chimene chimayenda ndi kamphete ka DNA koima pakokha, kosalumikizana ndi DNA yaikulu ya selo. Lederberg anakapatsa dzina loti plasmid mu 1952. Kuopsa kwa timphete timeneti kunaonekera ku Japan, kumene kamwazi ankavuta kwambiri nkhondo itatha. Pakati pa zaka za m'ma 1950 madokotala anayamba kupeza bakiteriya wa kamwazi, Shigella, amene sankamva mankhwala anayi nthawi imodzi: sulfonamide, streptomycin, chloramphenicol ndi tetracycline. Cha m'ma 1959 magulu a Kunitaro Ochiai ndi Tomoichiro Akiba anasonyeza kuti kusamva mankhwalaku kumatha kusamuka konse pamodzi kuchoka mwa Shigella kukalowa mwa E. coli wa m'matumbo. Tsutomu Watanabe wa ku Tokyo ndiye anaifikitsa bwino nkhaniyi kwa asayansi a maiko ena mu 1963.

Apa panabuka funso limene linazunguza anthu mitu. Kunyamula plasmid kumadya mphamvu za bakiteriya, chifukwa amayenera kuikopera nthawi iliyonse akamagawikana. Ena mwa maplasmid aakulu, monga yotchedwa F, amakhala imodzi kapena awiri okha m'selo lonse. Mwa apo ndi apo selo likamagawikana, mwana mmodzi amayenera kutuluka chimanjamanja, ndipo popeza wapepukidwa, iye ndi zidzukulu zake akanamakula msanga n'kupitirira anzawo. Koma m'malabotale sizinkaoneka choncho. Mabakiteriya ankasunga maplasmid awo mibadwo mazanamazana ngakhale pamalo opanda mankhwala alionse.

Njira yachiwiri inali ku Cambridge ku England, kwa anthu amene za maplasmid sankazilabadira n'komwe. Iwo ankafuna kuona maonekedwe a puloteni. Puloteni ndi tcheni cha tizidutswa totchedwa amino acid, timene tilipo ta mitundu 20, ndipo tcheni chimenechi chikangopangidwa chimadzipinda chokha m'njira yakeyake. Kapindidweko ndi kamene kamachititsa kuti puloteni igwire ntchito. Mu 1958 John Kendrew anaonetsa kapindidwe koyamba, ka myoglobin yotengedwa mu nyama ya nangumi, ataumitsa puloteniyo kukhala timibulu n'kutiwomba ndi X-ray. Iye mwini anadabwa kuona chinthu chopindikapindika chopanda dongosolo looneka. Max Perutz anatsatira ndi haemoglobin ya m'magazi, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1962. Pamene nkhokwe ya Protein Data Bank inkakhazikitsidwa ku Brookhaven mu 1971, munali mapuloteni 7 okha.

Dongosolo limene Kendrew sanalione linayamba kuoneka chiwerengero chitakwera. Mu 1976 Michael Levitt ndi Cyrus Chothia anayala mapuloteni 31 n'kupeza kuti amagwera m'magulu anayi, malinga ndi mmene zigawo ziwiri zimasanjikirana: chigawo chopotana chotchedwa alpha helix ndi chigawo chotambasuka chotchedwa beta strand. Ena ali ndi zopotana zokhazokha, ena zotambasuka zokhazokha, ena amazisinthanitsa, ena amaziika padera. Mu 1986 Chothia yemweyo ndi Arthur Lesk anasonyeza chinthu chimene nkhani yonse ya VapC yatsamirapo: mapuloteni awiri ochokera kwa kholo limodzi amatha kusintha ma amino acid awo ambiri mpaka osafanananso pa kalembedwe, koma kapindidwe kawo kamakhalabe kofanana.

Funso la maplasmid lija linayankhidwa ku Japan. Mu 1983 Teru Ogura ndi Sota Hiraga anapeza kachigawo ka plasmid F kokhala ndi majini awiri, kamene kankachititsa kuti plasmid isatayike. Poyamba anaganiza kuti majiniwa amaimitsa kaye kugawikana kwa selo mpaka plasmid itakopedwa, n'chifukwa chake anawatcha ccdA ndi ccdB, kuchokera ku mawu onena za kugawikana kwa selo. Mu 1985, pamodzi ndi Aline Jaffé, anaona kuti zoona zake n'zankhanza kuposa pamenepo. Selo limagawikana ndithu, mwana wopanda plasmid amabadwa, koma sakhalitsa. Amatalika modabwitsa n'kufa.

Mmene imfayi imachitikira zinaululika ku Brussels. CcdB ndi puloteni ya ma amino acid 101, yolimba, yosawonongeka msanga. CcdA ali ndi 72, ndipo mbali yake ina ndi yolobodoka moti enzyme ya m'selo yotchedwa Lon imangomudya mosalekeza. Plasmid ikakhalapo, CcdA watsopano amapangidwa nthawi zonse ndipo poizoni amakhala womangidwa. Mwana amene sanalandire plasmid amatengera kwa mayi wake mapuloteni onse awiri, koma alibenso malangizo opangira ena. CcdA akatha, CcdB amamasuka n'kupita pa enzyme yotchedwa gyrase, imene ntchito yake ndi kudula DNA, kuimasula pomwe yapotana, ndi kuilumikizanso. Philippe Bernard ndi Martine Couturier anasonyeza mu 1992 kuti CcdB amaigwira gyrase itadula kale koma isanalumikize, DNA n'kutsala yoduka. Ndi malo omwewo amene mankhwala a ciprofloxacin amamenya. Gawo la Lon analifotokoza ndi Laurence Van Melderen mu 1994.

Pa nthawiyi enanso anali atapezeka. Ku Denmark mu 1986 Kenn Gerdes, Poul Rasmussen ndi Søren Molin anafotokoza hok ndi sok pa plasmid R1, imene inachokera mwa Salmonella wosamva mankhwala. Apa chosukulutsa si puloteni koma ka RNA kakafupi kamene kamaletsa poizoni kupangidwa n'komwe. Ku Madrid gulu la Ramón Díaz-Orejas linapeza awiri ena, Kis ndi Kid, pa R1 yomweyo mu 1987. Ku America mu 1993 Hansjörg Lehnherr ndi Michael Yarmolinsky anapeza Phd ndi Doc pa vairasi ya mabakiteriya yotchedwa P1, ndipo ankanena kuti bakiteriya wotere wagwidwa chizolowezi chosasiyika. Aliyense ankatcha mayina mmene wafunira, ndipo palibe ankadziwa ngati poizoni onsewa ali pachibale. Asayansi a m'malabotale sanachedwe kumupezera ganyu CcdB: mpaka lero amamugwiritsa ntchito kupha mabakiteriya amene sanalandire DNA imene iwo akufuna kulowetsa.

Zikanathera pa maplasmid, bwenzi nkhaniyi ili yaifupi. Koma kuyambira mu 1993 majini otere anayamba kupezeka pa DNA yaikulu ya E. coli, imene bakiteriya sangaitaye. Nanga akutetezanji pamenepo? Hanna Engelberg-Kulka wa ku Hebrew University ku Jerusalem, amene mu 1996 anafotokoza za mazE ndi mazF ndi anzake, anati imeneyi ndi njira yodziphera: njala ikavuta, mabakiteriya ambiri amafa dala kuti otsala adye zotsalira zawo. Gulu la Gerdes, limene linazindikira relB ndi relE mu 1998, linatsutsa. Linasonyeza mu 2002 kuti selo limene laledzera ndi RelE kapena MazF limadzukanso likapatsidwa chosukulutsa nthawi isanathe, choncho poizoniyu amagonetsa, sakupha. Ena anakumbukira kuti mu 1983 Harris Moyed ndi Kevin Bertrand anapeza jini yotchedwa hipA, imene ikasintha pang'ono imachulukitsa ma persister a Bigger aja, ndipo nayo inali ndi mnzake woisukulutsa, hipB. Mkangano umenewu unatenga zaka zambiri.

Dzina la VapC linachokera kutali ndi zonsezi, m'makola a nkhosa ku Australia. Kumeneko alimi amavutika ndi matenda owoletsa ziboda, oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Dichelobacter nodosus. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 gulu la Julian Rood ku Monash University ku Melbourne linapeza chigawo cha DNA chimene chinkapezeka kawirikawiri mwa mabakiteriya oopsa kwambiri, n'kutcha majini ake vapA, vapB, vapC ndi vapD, kusonyeza kuti amayendera limodzi ndi ukali wa matenda. Ntchito yawo sankaidziwa. Patapita nthawi zinaoneka kuti majini awiri amene amasunga plasmid yaikulu ya Shigella, imene imamupatsa mphamvu zoboola matumbo, ndi ofanana ndi vapB ndi vapC, ndipo dzina la ku nkhosa lija linafalikira kwa onse.

Pa nthawi yomweyi, ku Cambridge, anthu anayi anayamba ntchito yolemba kaundula wa mapuloteni onse amene kapindidwe kawo kanali kodziwika. Alexey Murzin, Steven Brenner, Tim Hubbard ndi Chothia anatcha kaundulayo SCOP ndipo anamulengeza mu 1995. Anali ndi masitepe anayi. Pamwamba pali gulu, lija la 1976. Pansi pake pali kapindidwe. Kenako pali pfuko, la mapuloteni amene kalembedwe kawo kanasiyana kale koma pali umboni woti kholo ndi limodzi. Pansi penipeni pali banja, la amene chibale chawo chimaonekera poyera. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yaikulu inkachitika ndi maso a munthu. Murzin ankayang'ana puloteni iliyonse yatsopano pa kompyuta n'kukumbukira komwe anaonako kapindidwe kotere. Pofika 2009 kaundulayo anali ndi mitundu ya kapindidwe 1,195, mapfuko 1,962 ndi mabanja 3,902. Ku London, Christine Orengo ndi Janet Thornton anatulutsa kaundula wina mu 1997, CATH, amene ankadalira kwambiri kompyuta, ndipo m'zaka zomwezo kunabadwanso Pfam, wosanja mapuloteni potengera kalembedwe ka ma amino acid.

Kwa ife amene tinakulira m'mifunda, ganizoli si lachilendo. Phiri wa ku Kasungu ndi Phiri wa ku Katete angakhale asanaonanepo, kayankhulidwe kawo n'kosiyana, wina ndi msodzi wina mphunzitsi, koma akatchulirana mfunda amadziwa kuti anachokera kumodzi. Kapindidwe ndiwo mfunda wa puloteni. Ndipo monga mmene mfunda sunenera ntchito imene munthu amagwira, kapindidwenso kanadzaonetsa malire ake poizoni aja atayamba kuunikidwa mmodzimmodzi.

Woyamba anali CcdB, amene Remy Loris ndi anzake ku Brussels anamuunika mu 1999. Mu 2002 kunatuluka kapindidwe ka Kid, ndipo mu 2003 Katsuhiko Kamada, Fumio Hanaoka ndi Stephen Burley anaonetsa MazF atagwiridwa ndi MazE, poizoni anayi ndi zosukulutsa ziwiri zili pakati. Atatuwa anapezeka kuti ndi apfuko limodzi, ngakhale kalembedwe kawo sikankasonyeza zimenezo. Koma CcdB amagwira gyrase, pamene MazF, monga linasonyezera gulu la Masayori Inouye mu 2003, amadula RNA yonyamula uthenga paliponse pamene pali zilembo ACA. Chaka chomwecho Vivek Anantharaman ndi L. Aravind anaona kuti RelE ali pachibale ndi poizoni wina wotchedwa ParE, ndipo apanso zinthu zinapingasana chimodzimodzi: RelE amalowa mu ribosome, makina opangira mapuloteni, n'kudula RNA ili mkati mowerengedwa, pamene ParE amalimbana ndi gyrase. Ndiye kuti mapfuko awiri osiyana, lililonse lili ndi wodula RNA komanso wogwira gyrase. Doc naye anapusitsa anthu kwa nthawi ndithu. Kapindidwe kake ndi ka pfuko la Fic, limene abale ake amamata kachidutswa kotchedwa AMP pa mapuloteni ena, koma mu 2013 zinadziwika kuti iye amaigwira ATP mozondotsa n'kumata phosphate pa puloteni yotchedwa EF-Tu.

Kwa VapC, kaundula anathandiza kwambiri kuposa kwa onsewa. Ofufuza a pa kompyuta anali ataona kale kuti ali ndi chigawo cha ma amino acid pafupifupi 130 chimene anachitcha PIN, chopezeka mwa mabakiteriya, mwa tizamoyo ta m'madzi otentha totchedwa archaea, mu yisiti ngakhalenso mwa anthu. Mu 2000 Paul Clissold ndi Chris Ponting analosera kuti chigawochi chimadula RNA. Umboni wooneka ndi maso unachokera ku Auckland ku New Zealand mu 2004, kumene Vic Arcus, Ted Baker ndi anzawo anaunika puloteni ya PIN ya kachamoyo kotchedwa Pyrobaculum aerophilum, kamene kanatengedwa m'madzi owira pagombe la chilumba cha Ischia ku Italy ndipo kamakula bwino pa madigiri 100. Anasankha kachamoyo kotere chifukwa mapuloteni opirira kutentha savuta kwambiri kuumitsa.

Chimene anaona chili chonchi. Pakati pali zigawo zotambasuka zisanu zogona moyandikana, zonse zoloza mbali imodzi, zopanga chipepala chopotoka pang'ono. Mbali zonse ziwiri za chipepalachi zaphimbidwa ndi zigawo zopotana. Kumapeto kwina kuli kadzenje, ndipo m'kadzenjemo mumakumana ma amino acid atatu kapena anayi a asidi, aspartate ndi glutamate. Pa tcheni chotambasula ma amino acid amenewa ali motalikirana, moti wowerenga kalembedwe kokha sangadziwe kuti amagwira ntchito limodzi. Kupindako ndi kumene kumawasonkhanitsa. Akakumana amagwira kachitsulo ka magnesium kapena manganese, ndipo kachitsuloko ndi kamene kamathandiza kudula msana wa RNA. Atayerekeza kapindidweka ndi ka mapuloteni ena a m'nkhokwe, anapeza kuti kakufanana ndi ka ma enzyme odziwika kale odula DNA ndi RNA, monga RNase H ya vairasi T4 ndi flap endonuclease, imene maselo athu amagwiritsa ntchito pokopera DNA. Mu SCOP onsewa ali pansi pa nambala c.120, m'gulu la osinthanitsa zopotana ndi zotambasuka. Mu Pfam banja la PIN ndi PF01850.

Mmene chosukulutsa chimatsekera kadzenjeko zinaoneka mu 2006 mwa bakiteriya wa chinzonono, Neisseria gonorrhoeae, amene VapB ndi VapC ake amatchedwa FitA ndi FitB. Mchira wa FitA umazungulira poizoni motsata kangalande, n'kulowetsa amino acid imodzi, arginine, m'kadzenje momwe mukanakhala kachitsulo. Mutu wake umagwira DNA pamalo pomwe majini awiriwa amayambira kuwerengedwa, moti awiriwa akachuluka amadziletsa okha kupangidwa. Chaka chomwecho gulu la Elena Conti linaonetsa kuti puloteni ya munthu yotchedwa SMG6, imene imadula RNA yolakwika m'maselo mwathu, ili ndi kapindidwe komweko. Poizoni wa chinzonono ndi mlonda wa m'maselo a munthu anapezeka kuti ndi apfuko limodzi. Koma VapD, amene anatchulidwira pamodzi ndi VapC ku nkhosa kuja, anapezeka kuti si mbale wake n'komwe: kapindidwe kake kamafanana ndi Cas2 wa dongosolo la CRISPR.

Komabe pfuko linangonena kuti VapC amadula, silinanene chimene amadula. Panadutsa zaka zina zisanu ndi ziwiri kuchokera pa ntchito ya ku Auckland. Mu 2011 Kristoffer Winther ndi Gerdes, ali ku Newcastle, anapeza kuti VapC wa Shigella ndi wa Salmonella sadula chisawawa. Amasankha ka RNA kamodzi kokha, tRNA imene imabweretsa amino acid yoyamba ya puloteni iliyonse, n'kuidula pamalo amodzi. Ikaduka imeneyo palibe puloteni yatsopano imene ingayambike. Mu 2013 anapeza kuti VapC20 wa chifuwa chachikulu amadula ribosome yeniyeniyo, pa kachigawo komwe poizoni wa m'nthanga za nsatsi, ricin, amawononga m'maselo a nyama. Abale ake ena amasankha ma tRNA ena, aliyense yakeyake.

Zosukulutsa ndizo zinasokoneza kaundula kwambiri. Munthu akanayembekezera kuti VapC aliyense amayenda ndi VapB wa pfuko limodzi, koma ayi. Mitu ya ma VapB, imene imagwira DNA, ndi ya kapindidwe kosachepera kanayi kosiyana, ndipo mitu yomweyo imapezekanso pa zosukulutsa za RelE ndi MazF. Zikuoneka kuti m'mbiri yawo majiniwa akhala akusudzulana ndi kukwatirana mwatsopano kambirimbiri pamene ankasamuka kuchoka mwa bakiteriya wina kupita mwa wina. Ndiye kunena kuti "banja la VapBC" n'kulankhula mwachidule chabe. Dzina la VapB limatanthauza aliyense amene wapezeka akusukulutsa VapC. Chifukwa cha zimenezi pali kasanjidwe kena kosayang'ana kapindidwe, kongofunsa mmene chosukulutsa chimagwirira ntchito. Mtundu woyamba ndi wa hok ndi sok, wachiwiri ndi wa puloteni yogwira puloteni inzake monga VapB ndi VapC, wachitatu ndi wa RNA yogwira poizoni mwachindunji, ndipo lero mitunduyi yafika isanu ndi itatu. Mbali ya poizoni inasanjidwanso mwatsopano mu 2017, pamene Dorota Matelska, Kamil Steczkiewicz ndi Krzysztof Ginalski a ku Warsaw anagawa pfuko lonse la PIN m'nthambi zikuluzikulu zisanu, VapC n'kukhala imodzi mwa izo.

Chimene chinakokera ndalama ndi anthu ambiri ku nkhaniyi ndi chifuwa chachikulu. DNA yonse ya kachilomboka inawerengedwa mu 1998, ndipo mu 2005 Deo Prakash Pandey ndi Gerdes anaona kuti kali ndi majini a poizoni ochuluka modabwitsa, pamene mbale wake woyambitsa khate anawataya. Mu 2009 Holly Ramage, Lynn Connolly ndi Jeffery Cox ku San Francisco anawerenga magulu 88 a poizoni ndi chomusukulutsa, ndipo 47 mwa iwo anali VapBC. Atawayesa mmodzimmodzi, 30 anaimitsadi kukula kwa selo. Anaonanso kuti ambiri sapezeka mwa achibale apafupi a kachilomboka, kusonyeza kuti analowa kuchokera kwina kholo la chifuwa chachikulu litapatukana kale ndi anzake. Aliyense amene anaperekezapo m'bale kukatenga mankhwala a TB amadziwa kuti amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti tizilombo tina timakhala chigonere, mankhwala osatikhudza msanga. Kulumikiza mfundo ziwirizi kunali kokopa: poizoni ambiri, tulo tambiri.

Umboni wamphamvu unaoneka ngati wafika mu 2011 ndi 2013, pamene gulu la Gerdes linachotsa magulu khumi a poizoni mwa E. coli n'kupeza kuti ma persister achepa kwambiri. Kwa zaka zingapo mfundoyi inkaphunzitsidwa ngati yotsimikizika. Kenako mu 2017 gulu lomwelo linalengeza kuti mabakiteriya amene linagwiritsa ntchito anali atalowedwa ndi vairasi yotchedwa phi80 mosadziwika, ndipo vairasiyo ndi imene inasokoneza zotsatira. Ku Brussels, gulu la Van Melderen linapanganso bakiteriya wopanda magulu khumiwo mwaukhondo, ndipo silinapeze kusiyana kulikonse. Malipoti awiri aja a 2011 ndi 2013 anachotsedwa mu 2018. Ine ndimaona kuti eni ake anachita zolemekezeka poulula okha, koma phunziro lonse linagwedezeka. Za hipA zinatsalabe zoona, ndipo pali umboni wakuti ena mwa poizoni a chifuwa chachikulu amathandiza kachilomboka kupirira m'thupi la nyama zoyeserera. Chimene chinagwa ndi chiphunzitso choti poizoni onse alipo kuti agonetse selo. Pa chipwirikiti chonsechi, palibe puloteni imene inasamutsidwa pfuko. Zimene X-ray inaonetsa zinakhala momwemo.

Vairasi imene inawononga kafukufuku uja inali ngati ikuloza komwe yankho lina linali. Kale mu 1996 Douglas Pecota ndi Thomas Wood anali ataona kuti hok ndi sok amalepheretsa vairasi T4 kuswana, koma ochepa analabadira. Mu 2009 Peter Fineran, George Salmond ndi anzawo ku Cambridge anapeza ToxI ndi ToxN mwa bakiteriya wowoletsa mbatata ya kachewere, ndipo anasonyeza kuti selo likalowedwa ndi vairasi, poizoni amamasuka n'kuliimitsa vairasiyo isanaswane, anzake oyandikana n'kupulumuka. Tim Blower ataunika ToxN mu 2011, anapezeka kuti ndi wa pfuko la MazF ndi Kid, ngakhale chomusukulutsa ndi RNA. Kuyambira 2021 gulu la Michael Laub ku MIT lasonyeza zitsanzo zina, kuphatikizapo poizoni wotchedwa CapRel amene amamasuka akangokhudzana ndi puloteni ya chikamba cha vairasi. Poizoni ena amasunga zigawo za DNA kuti zisaduke n'kutayika: bakiteriya wa kolera ali ndi magulu oposa khumi omwazikana m'chigawo chimodzi chachitali cha DNA yake, ndipo gulu la Didier Mazel ku Institut Pasteur ku Paris laphunzira kwambiri za iwo. Enanso mwina alipo chifukwa chongoti ndi ovuta kuwachotsa, monga zinalili pa plasmid F.

Pali amene ayesa kusandutsa poizoniyu kukhala mankhwala. Gulu la Bong-Jin Lee ku Seoul linaunika VapBC30 wa chifuwa chachikulu mu 2015, n'kupanga tizidutswa ta puloteni tolowerera pakati pa awiriwo kuti VapC amasuke. M'labotale zinatheka, koma mankhwala otere sanafikebe m'chipatala chilichonse.

Ntchito yosanja nayo yasintha manja. SCOP yoyamba inaima mu 2009 chifukwa maso a anthu ochepa sakanathanso kutsatira mapuloteni atsopano. Brenner anaipitiriza ku Berkeley pansi pa dzina la SCOPe, ndipo ku Cambridge kunabadwa SCOP2 mu 2014. Chothia anamwalira mu 2019. Chaka chotsatira pulogalamu ya AlphaFold ya kampani ya DeepMind ku London inasonyeza kuti ingathe kulosera kapindidwe kuchokera pa kalembedwe kokha, ndipo pofika 2022 inali italosera mapuloteni oposa 200 miliyoni, pamene Protein Data Bank, patatha zaka 50 za ntchito ya m'labotale, inali ikuyandikira 200,000. Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2024. Pfam tsopano ili mkati mwa nkhokwe ya InterPro. Ofufuza monga Gemma Atkinson ndi Vasili Hauryliuk ku Sweden akugwiritsa ntchito zida zimenezi kupeza poizoni atsopano pakati pa mapuloteni amene kale ankangolembedwa kuti ntchito yawo siidziwika.

Lero wophunzira amene wapeza jini yachilendo angadziwe tsiku lomwelo ngati ili ya pfuko la PIN, ndipo angaone pa kompyuta kadzenje ka ma amino acid a asidi kaja. Kuti adziwe RNA imene puloteniyo imadula ndi chimene chimaimasula, ayenera kubwerera ku labotale. Ngati ndi ya chifuwa chachikulu, ayenera kulowa m'chipinda chotetezedwa mwapadera, atavala zodzitchinjiriza, n'kudikira kachilombo kamene kamagawikana pafupifupi kamodzi patsiku ndipo kamatenga milungu itatu kapena inayi kuti kaoneke pa mbale.